Musanailize, iyang'aneni kaye

Anzanga, ambiri a ife tikachedwa kusukulu kapena tikatumidwa kuchigayo timakwera kabaza wa njinga yamoto. Timangofunsa mtengo, basi n'kukwera. Koma ndani mwa ife anayang'anapo tayala kapena tcheni asanakhale pampando?

Malume anga anagwirapo ntchito pagaraja ku Johannesburg, ndipo pano amakonza njinga zamoto pamsika pathu. Loweruka ndimakawathandiza kupatsira masipanala. Ndi iwo anandiuza za tsiku limene kumeneko amalitchula kuti track day. Patsikuli eni njinga amalipira ndalama n'kukathamangitsa njinga zawo pabwalo la mipikisano lotchingidwa bwino, ngati la Kyalami lomwe lili kumpoto kwa mzindawo. Si mpikisano ayi, palibe wolandira chikho. M'bwalomo mulibe mbuzi, ngolo kapena galimoto yochokera kutsogolo. Komabe mwini njinga amayamba waikonza bwinobwino kunyumba, ndipo m'mabwalo ambiri oyang'anira amaionanso asanailole kulowa. Zimene amaona ndi izi.

Choyamba ndi matayala. Mpweya amayeza ndi geji tayala lisanatenthe. Paja tinaphunzira kuti mpweya ukatentha umakankha kwambiri, ndiye ukayeza njinga itayenda kale geji imakunamiza. Tayala lotha mano kapena long'ambika m'mbali amalichotsa.

Chachiwiri ndi mabuleki. Ukakoka buleki yakutsogolo iyenera kulimba isanafike pachogwirira. Ikamamveka yofewa ngati siponji, ndiye kuti mwalowa mpweya kapena mafuta ake akudontha penapake. Zogwira za buleki zikaperepeseka amaikapo zina.

Chachitatu ndi tcheni. Ukalikankha ndi chala pakati pake, panjinga zambiri limayenera kusewera masentimita 2 kapena 3, koma mulingo weniweni umalembedwa m'buku la njingayo. Lolimbitsitsa limatha kuduka. Lolendewera limavuka, ndipo likakola tayala lakumbuyo limaima mwadzidzidzi. Amalitsuka n'kulithira mafuta, ndipo sachita izi injini ikulira kuopa kudula zala.

Chachinayi ndi oyilo. Pasakhale podontha ngakhale pang'ono. Bawuti yotsekera oyilo kunsi kwa injini amaimanga bwino, ena mpaka amaiboola kabowo n'kuimangirira ndi waya kuti isamasuke. Oyilo akatayikira paphula, amene amagwa ndi mnzako wobwera kumbuyo.

Chachisanu ndi chogwirira chopatsira moto. Ukachipotoza n'kuchisiya, chiyenera kubwerera chokha msangamsanga, ngakhale utakhotetsa handulo kumanja kapena kumanzere. Chikamakanirira, njinga imapitirira kuthamanga iwe ukufuna kuima.

Pomaliza amachotsa magalasi oonera kumbuyo kapena kuwamata ndi tepi, n'kumatanso nyali, kuti munthu akagwa pasamwazike magalasi osweka. Apa mumve bwino, izi ndi za m'bwalo mokha. Pamsewu galasi ndi nyali n'zofunika zedi, osamachotsa ati kuti njinga ioneke ngati ya mpikisano. Wokwerayo naye amavala chisoti chotchinga nkhope yonse, zovala zachikopa, magolovesi ndi nsapato zobisa akakolo.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza bwanji poti kwathu kuno njinga zake ndi timaLifo tonyamula matumba? Inenso ndinawafunsa choncho malume. Iwo anaseka n'kunena kuti: "Mphwanga, kumeneko msewu ndi wosalala ndipo ambulansi imakhala pomwepo, koma amaopabe. Nanga ife a m'misewu ya maenje, chipatala chili kutali, tikudalira chiyani?"

Temu yatha mnzathu wina amene timayenda naye anagwa pakabaza potsetsereka kumtsinje. Tcheni linavuka n'kukola tayala. Anathyoka dzanja lamanja ndipo mayeso a temu sanalembe. Njingayo itabwera kwa malume, tcheni lake linali louma, ladzimbiri, lolendewera ngati chingwe choyanikira zovala. Kulikunga ndi kulithira mafuta sikukanatenga ngakhale mphindi 10.

Ndiye anzanga, sitonse tidzafike ku Kyalami, koma maso tili nawo. Musanakwere onani ngati tayala lili ndi mano ndiponso ngati si lophwa. Onani tcheni. Yang'anani pansi pamene njinga yaima ngati pali madontho a oyilo. Pemphani chisoti ndipo mumange lamba wake pachibwano. Akakuuzani kuti mukwere atatu, kanani. Amene muli ndi njinga pakhomo, werengerani achimwene kapena abambo mfundo zisanu zija, azizichita m'mawa uliwonse asananyamule munthu.

Wakabaza akakwiya kuti mukumuchedwetsa, muuzeni mwaulemu kuti mudikira wina. Bola kufika belu litalira n'kulandira chibalo chosesa, kusiyana n'kulemba mayeso ndi dzanja lamanzere.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2