Makina Oyesera Kulimba kwa Zipangizo Zomangira Nyumba

Munthu akafuna kugula mabuloko m'mbali mwa mseu ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena ku Chawama, kawirikawiri amanyamula buloko limodzi ndi kuligwetsa pansi. Likapanda kusweka, amakhutira ndi kulipira. Koma akatswiri a zomangamanga ali ndi njira ina yodalirika, yogwiritsa nchito makina ochedwa universal testing machine.

Makinawa anapatsidwa dzinali cifukwa amagwira nchito zingapo: amakoka, amapanikiza ndiponso amapinda cinthu kufikira citaduka kapena kuphwanyika. Ali ndi mizati yacitsulo ndi mutu umene umakwera kapena kutsika pang'onopang'ono. Cipangizo cina cimawerenga mphamvu imene yagwiritsidwa nchito, ndipo kompyuta imalemba zotsatira. Amodzi mwa makina oyambirira a mtundu uwu anapangidwa ndi Tinius Olsen ku Philadelphia mu 1880.

Poyesa citsulo comangira, monga Y12, amacigwira kumapeto konse kuwiri ndi kucikoka. Citsulo cabwino ca Y12 cimapirira mphamvu yofanana ndi matani 5 cisanayambe kutamuka, ndipo cimatalika kaye cisanaduke. Citsulo cimene cimathyoka mwadzidzidzi ngati nkhuni youma ncoopsa, pakuti nyumba ikhoza kugwa popanda cenjezo.

Konkiriti nayo imayesedwa moipanikiza. Amaumba kabuloko ka mamilimita 150 mbali zonse, kukasunga m'madzi, ndi kukaphwanya pa tsiku la 7 kapena la 28. Konkiriti ya giredi 25 imapirira matani pafupifupi 57 pa kabuloko kotere. Manambala 32.5 ndi 42.5 amene timaona pa thumba la simenti amacokera ku mayeso ofananawo: amanena mphamvu imene simentiyo iyenera kufika patapita masiku 28.

Nkhaniyi ikhudza kwambiri anthu a m'makomboni. Ku Kanyama ndi ku George madzi ali pafupi pansi pa nthaka, ndipo m'dzinja madzi amazinga nyumba zambiri. Buloko lopangidwa ndi simenti yocepa limamwa madzi, limafumbutuka, ndipo cipupa cimang'ambika. Cimene cimafooketsa mabuloko kwambiri ndico kuculutsa mcenga pa thumba limodzi la makilogilamu 50 pofuna phindu, ndiponso kuwagulitsa asanakhwime. Simenti imalimba cifukwa ca madzi, osati dzuwa. Ncifukwa cake mabuloko ayenera kuthiriridwa masiku osacepera 7.

Muno m'Zambia, bungwe la Zambia Bureau of Standards ndilo limakonza miyezo ya katundu, pamene la Zambia Compulsory Standards Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, limaona kuti miyezo yokakamiza ikutsatidwa. Bungwe la National Council for Construction limalembetsa makontilakita. Ophunzira uinjiniya pa University of Zambia, moyandikana ndi Kalingalinga, amaphunzira mayeso amenewa.

Woumba mabuloko m'komboni sangagule makina otere, popeza ndi okwera mtengo. Koma iye kapena womangitsa nyumba angatenge mabuloko ocepa ndi kupita nao ku labotale. Amene akumanga nyumba yosanja kapena sukulu ayenera kupempha cikalata ca zotsatira za mayeso asanalandire katundu. Ndalama yoyesetsa mabuloko atatu ndi yocepa poiyerekeza ndi mtengo womanganso cipupa cimene cagwa.