Khoti silizenga mlandu chiwongo

Ku Rumphi ukangotchula chiwongo chako, anthu amayesa akudziwa kale. Ukati ndiwe Gondwe, maganizo awo amathamangira ku Bolero kwa mfumu yaikulu Chikulamayembe. Ukati Chihana, amakumbukira Chakufwa wa ku Mhuju, amene anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992. Ulemu wotere ndi wabwino. Koma mwambo womwewu ndi umene umachititsa kuti mbuzi ikasowa m'mudzi, maso onse aloze khomo limodzi, ati make mbuu, mwana mbuu.

Pa ntchito yanga ya uloya ndimalandira anthu a mitundu iwiri. Ena amalowa akunjenjemera chifukwa mkulu wawo anakhalapo kundende, ndiye aganiza kuti nawonso basi kwawathera. Ena amalowa chifuwa patsogolo chifukwa amalume awo ndi akuluakulu m'boma. Onsewa ndimawasonyeza pepala la mlandu. Pamenepo pamalembedwa dzina la woimbidwa mlandu, tsiku, malo ndi chimene akuti anachita. Malo olembapo agogo ake palibe.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo ntchito yobweretsa umboni wokwanira ndi ya boma. Gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake kapena kumene anabadwira. Chimene ambiri amadabwa nacho ndi ichi: ngakhale milandu yakale ya woimbidwa mlandu mwiniwakeyo kawirikawiri siitchulidwa chigamulo chisanaperekedwe. Imadikira nthawi yoganizira chilango. Tsono ngati khoti limasamala chonchi ndi mbiri ya munthu mwini, mbuzi imene bambo ake anaba kalekale ingalowe bwanji? Mboni ikayamba zoti "banja limeneli ndi lotero", loya amaimirira pomwepo, ndipo majisitireti amaiuza kuti inene zimene inaona ndi maso ake.

Malamulowa sanagwe kumwamba. M'nthawi ya chipani chimodzi, chibale chokha chinkatha kulowetsa munthu m'ndende. Dr Goodluck Mhango, dokotala wa ziweto, anatsekeredwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu chifukwa cha zimene mbale wake, mtolankhani Mkwapatira Mhango, ankalemba ali kunja. Mkwapatirayo anaphedwa ku Lusaka mu 1989 nyumba yake itatenthedwa, pamodzi ndi ena a m'banja lake. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva lero kuti wapolisi watsekera mayi kapena mkazi wa munthu wothawa, ati kuti wolakwayo abwere yekha. Lamulo lotero kulibe. Munthu amamangidwa pa zimene iye akuganiziridwa kuti wachita, ndipo ayenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48.

Funso lina limene limabwerabwera ndi la woweruza amene ali ndi chiwongo chimodzi ndi mdani wako. M'boma limene a Mhango, a Msiska ndi a Gondwe ali mbwee, kufanana mayina kokha sikokwanira kuti majisitireti asiye mlandu. Bwenzi milandu itangounjikana osazengedwa. Chofunika ndi kusonyeza kuti pali chibale chenicheni kapena phindu limene woweruzayo angapeze. Chikakhalapo, nenani mlandu usanapite patali.

Wina anena kuti nanga ufumu, si wa magazi? Zoona, pamenepo mtundu umagwira ntchito. Komabe lamulo la mafumu la 1967 silikhutira ndi magazi okha. Limafunanso kuti munthuyo avomerezedwe ndi anthu ambiri a m'deralo. Mfumu Walter Gondwe itamwalira mu 2018, nkhani ya wolowa ufumu wa Chikulamayembe inakafika kukhoti, chonsecho olimbiranawo anali a Gondwe okhaokha.

Sindikunamizeni kuti dzina lilibe mphamvu. Mphamvu yake imaonekera panja pa khoti: mwana wa banja lotchuka amapeza loya msanga, omuimira pa belo amachita kulimbirana, pamene mwana wa ku Hewe wosadziwika amagona m'chitokosi abale ake akusakasaka ndalama ya thiransipoti. Apa ndi pamene ife a zamalamulo tikuperewera, ndipo si zobisa.

Ngati m'bale wanu wagwidwa m'malo mwa wina, pitani kwa mkulu wa polisi ya m'dera lanulo mukafunse mlandu umene iye mwini wapalamula. Mukapanda kuthandizidwa, kaonaneni ndi a Legal Aid Bureau, amene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Belo ya kupolisi ndi yaulere, musapereke ndalama kwa aliyense.