Makaniko wa ndege za asilikali akabwerera kumudzi

Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma mu 1992, asilikali ambiri a Mozambique anavula yunifolomu, ena mwa iwo odziwa kukonza ndege za MiG ndi mahelikopita a Mi-8. Ine ndimati luso lotere ndi chuma. Wina anganene kuti kumudzi, monga kudera la Chiuta, kulibe ndege zoti azikonza. N'zoona, koma makaniko wa ndege amazolowera kuyang'ana chitsulo chisanathyoke ndi kulemba zonse zimene wakonza. Zigayo, njinga zamoto ndi sitima zodutsa pa Entre Lagos kupita ku Nacala zimafuna maso omwewo. Vuto lenileni ndi chiphaso. Wokonza ndege za anthu wamba amafunika laisensi ya IACM, bungwe loyang'anira za ndege ku Mozambique, ndiye boma lizithandiza amakaniko a ndege za asilikali kuipeza asanatuluke usilikali.