Kabokosi ka Pamapazi a Woimba Besi

Mukapita kutchalitchi kapena ku ukwati kumene kuli bandi, musamangoyang'ana nkhope za oimba. Ponyaninso maso pansi, pafupi ndi mapazi a amene akuimba gitala ya besi kapena kiyibodi. Mwina muona kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja la munthu wamkulu, kali phee, zingwe zitalowa uku ndi uku. Anthu oyendetsa zokuzira mawu amakatchula kuti DI, chidule cha direct injection. Kodi kamachita chiyani pamenepo?

Tiyambire pa gitala. Pansi pa nsambo zake pali timaginito tokulungidwa ndi waya wopyapyala kwambiri. Woimba akakhudza nsambo, nsamboyo imanjenjemera, ndipo mu waya muja mumabadwa magetsi ochepa zedi, osakwanira kuyatsa ngakhale babu la tochi. Magetsi ofookawa ndiwo amanyamula nyimbo. Ulendo wawo ndi wopita ku mikisa, chipangizo cha mabatani ambirimbiri chija, kumene mawu a maikolofoni ndi a zoimbira zonse amasakanizidwa asanapite ku masipika.

Tsono mikisa nthawi zambiri imakhala patali, mwina kumbuyo kwenikweni kwa holo. Chingwe cha gitala sichikonda ulendo wautali. Mkati mwake muli waya mmodzi yekha wonyamula nyimbo, wozingidwa ndi timawaya tolukana tomutchinjiriza. Chikatalika kupitirira mamita 6 kapena apo, mawu akuthwa amayamba kuzimirira, ndipo chingwecho chimayamba kutola phokoso lochokera ku mawaya a magetsi, ku mababu ndi ku mafani. Kuwonjezera apo, bowo la maikolofoni pa mikisa silinapangidwire gitala. Mukailowetsa pamenepo mwachindunji, mawu ake amatuluka ofooka ndi ozizira.

Apa ndi pomwe kabokosi kaja kamaonetsa nzeru zake, ndipo ine gawo limeneli ndi lomwe limandisangalatsa koposa. Gitala imalowa mu DI ndi chingwe chachifupi. Mbali inayo kumatuluka chingwe cha maikolofoni, chotchedwa XLR, chomwe pulagi yake ili ndi timano titatu. Dzino limodzi ndi la chotchinjiriza. Awiri otsalawo amanyamula nyimbo yomweyo, koma limodzi limainyamula chadodolido. Taganizani za mapasa oyenda njira imodzi m'chilimwe, wina atavala malaya bwinobwino, wina atawatembenuza. Fumbi la m'njira liwagwera onse mofanana.

Tengani pensulo tiwerengere. Tinene kuti nyimbo ndi 3. Waya woyamba wanyamula +3, wachiwiri wanyamula -3. Panjira phokoso lalowa mwa onse awiri, tinene kuti ndi 1. Woyamba tsopano ali ndi 4, wachiwiri ali ndi -2. Akafika ku mikisa, mikisayo imatembenuza wachiwiri uja, -2 n'kusanduka +2. Phatikizani 4 ndi 2. Mwapeza 6, eti? Imeneyo ndi 3 kuphatikiza 3, nyimbo yokhayokha. Nanga phokoso lija lapita kuti? Ladzidya lokha! Yesani ndi phokoso la 2, muona kuti yankho ndi 6 yemweyo. N'chifukwa chake chingwe cha XLR chimatha kuyenda mamita 50 ngakhale kupitirira, nyimbo n'kufika yoyera.

Pa kabokosiko palinso bowo lina lolembedwa kuti Thru kapena Link. Limenelo limapatsira nyimbo ku ampulifaya ya woimbayo, kuti naye azidzimva ali pansanja.

Ma DI alipo a mitundu iwiri. Ena safuna batire n'komwe. Mkati mwawo muli kathiransifoma, mawaya awiri okulungidwa pa chitsulo chimodzi koma osakhudzana. Nyimbo imawoloka kuchoka ku waya wina kupita ku unzake kudzera mu mphamvu ya maginito. Amenewa amayenda bwino ndi kiyibodi, yomwe magetsi ake ndi amphamvupo. Ena amafuna magetsi, ochokera ku batire la mavolti 9 kapena ku mikisa, yomwe imatha kutumiza mavolti 48 kudzera m'chingwe cha XLR chomwecho. Awa ndi abwino kwa gitala ya magetsi ofooka.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'zaka za m'ma 1960, mumzinda wa Detroit ku America, katswiri wina wojambula nyimbo dzina lake Ed Wolfrum ankadzipangira yekha timabokosi totere. Mumzinda womwewo, ku situdiyo ya Motown, besi ya James Jamerson inkajambulidwa polowetsedwa mwachindunji, osadzera pa maikolofoni. Mukadzamva nyimbo zakale za Motown, tcherani khutu ku besi, mumve mmene imamvekera bwino nsambo iliyonse.

Tatsala ndi kabatani kamodzi, kolembedwa kuti ground lift. Munamvapo masipika akung'ung'udza kuti mmmmm pamene palibe akuimba? Magetsi athu ku Malawi amapita uku ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse, ndipo kung'ung'udzako ndi mawu a magetsi amenewo. Kawirikawiri kumayamba kiyibodi ikalumikizidwa ku soketi ina, mikisa ku soketi ina, kenaka ziwirizi n'kulumikizananso ndi chingwe. Timagetsi tosochera timapeza njira yozungulira, n'kulowerera mu nyimbo. Woyendetsa mikisa akadina kabatani kaja, amadula njirayo mkati mwa DI, phokoso n'kuti zii.

Koma imvani bwino apa, ana anga. Kabatanika kamangodula njira ya m'chingwe cha nyimbo. Dzino lalitali la pamwamba pa pulagi ya magetsi ndi nkhani ina. Limenelo limateteza woimba kuti asagwidwe ndi magetsi, ndipo siliyenera kuchotsedwa chifukwa cha phokoso. Ngati mukufuna kuyesa kulumikiza gitala mu DI, pemphani kaye amene amayendetsa mikisa, ndipo dikirani atsitse voliyumu musanazule kapena kulowetsa chingwe, kuopa kuti masipika angalire kuti phu!