Khoswe wa m'nkhokwe safuna cipolopolo

Cimanga cikalowa m'nkhokwe m'mwezi wa Juni, khoswe nayenso amasamuka kumunda kubwera kumudzi. Kuno kwa Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza, nkhani ya makoswe imabuka caka ndi caka, ndipo masiku ano alimi ena, makamaka anyamata amene anagwirako nchito m'mafamu akuluakulu, akuti njira yacidule ndi mfuti yaing'ono. Tati tiione bwino nkhaniyi wina asanagulitse mbuzi kuti agule zipolopolo.

Kukwiya kwa alimi nkomveka. Khoswe mmodzi amadya pafupifupi magalamu 15 pa tsiku. Makoswe 20 okha, m'miyezi isanu ndi umodzi, amatha makilogalamu oposa 50, ndilo thumba lathunthu limene tikanagulitsa ku FRA kapena kudya m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Apo sitinawerenge cimene amaipitsa ndi ndowe ndi mkodzo wao, ngakhale masaka amene amaboola. Kuswana kwace nkoopsanso: khoswe wamkazi amakhala ndi bere masabata atatu cabe, amaswa ana 6 kapena 8 nthawi imodzi, ndipo anawo pa miyezi itatu amayamba kuswa nawonso.

Zipolopolo zimene zilipo

Mfuti imene imachulidwa kwambiri ndi ya .22, ndipo zipolopolo zace ndi zamitundu ingapo. Cofala ndi .22 Long Rifle. Nkacing'ono, kolemera magalamu osafika atatu, koma kamatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Nkhokwe ya nsungwi, citseko ca matabwa kapena mpanda wa udzu sizingakaimitse. Kakamenya mwala kapena simenti kamanjanja nkulowera kumene wowombayo sanalinge.

Palinso .22 Short ndi cina cochedwa CB, zimene zili ndi onga wocepa ndipo sizilira kwambiri. Mphamvu yace njocepa, komabe munthu zikhoza kumupha.

Cimene anacipangira makoswe enieni ndi cija ca timibulu. M'malo mwa cipolopolo cimodzi, muli timibulu tambirimbiri ta mtovu tonga mcenga. Cimapha khoswe pa mamita atatu kapena asanu. Kupitirira apo timibuluto timamwazika nkumangomuvulaza. Sicipita patali, ndico cifukwa alimi a ku America amacigwiritsa nchito m'makola ndi m'mashedi. Potsiriza pali mfuti za mpweya, zoponya kamtovu ka mamilimita 4.5 kapena 5.5. Izi zilibe onga, koma diso la mwana zimaliphulitsa. Za gogodela tisachule nkomwe. Ameneyo pa khoswe amangotentha nkhokwe.

Makolo anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Khoswe wathu amakhala pa cimanga, padenga la nyumba yogona, pafupi ndi khola la nkhuku, ndipo amatuluka usiku pamene maso saona cimene cili kuseri kwa mpanda. Midzi yathu nyumba zace nzoyandikana. Amene awombera khoswe pamtanda wa denga amawomberanso kwa mnansi wace.

Mtovu nawo ndi poizoni. Timibulu tikagwera m'cimanga timapita kucigayo nkulowa mu ufa. Anthu a ku Kabwe akudziwa cimene mtovu umacita: mgodi wao unatsekedwa mu 1994, koma ana a kumeneko akupezekabe ndi mtovu m'magazi, ndipo umaononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Kenaka pali lamulo. Malinga ndi Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a Zambia, kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi ndi mlandu. Kubwereka mfuti ya mnzako, kapena kugula zipolopolo zodutsa m'tinjira ta kumalire a Mozambique, kukhoza kumtengera bambo wa pabanja kundende cifukwa ca khoswe.

Utitiri ndiwo woopsa koposa

Pali cina cimene ambiri sitiganizira. Khoswe amanyamula utitiri, ndipo utitiriwo ndiwo umafalitsa mliri wa makoswe, umene kacirombo kace kanapezedwa ndi Alexandre Yersin ku Hong Kong mu 1894. Mliriwu si wa kutali ai. Unabuka ku Namwala mu 1997, kudera la Nyanje kuno kum'mawa mu 2001, ndiponso ku Nyimba mu 2015. Ku Madagascar mu 2017 unapha anthu oposa 200.

Khoswe akafa, thupi lace limazizira, ndipo utitiri umacokapo kukafuna magazi ena. Pafupi pamakhala ana ogona pamphasa. Ncifukwa cace azaumoyo amati pa nthawi ya mliri, ayambe kuphedwa ndi utitiri, makoswe pambuyo. Khoswe wakufa, kaya wafa ndi mfuti, msampha kapena poizoni, asagwiridwe ndi manja. Mtoleni ndi fosholo kapena mitengo iwiri, mumtenthe kapena kumkwirira mozama. Mukaona makoswe akufa okha ambiri m'mudzi, kauzeni a kukiliniki ndi anyakwawa tsiku lomwelo. Munthu akatentha thupi mwadzidzidzi, mutu kuwawa, ndi kutupa mwanabere wopweteka m'mphecepece, m'khwapa kapena m'khosi, athamangire kucipatala. Matendawa amacizika ndi mankhwala ngati wodwala wafika msanga. Akacedwa amapha m'masiku ocepa.

Poizoni wa pamsika wopanda dzina nayenso tisamale naye. Amapha nkhuku, agalu ndi amphaka, ndipo kwathu kuno kumene mbewa ndi ndiwo, amatha kufika m'mbale. Anyamata okumba mbewa asatole yakufa kale, ndipo poizoni asathiridwe kumunda kumene ana amachera misampha.

Cimene cimagwiradi nchito

Khoswe amagonja pamene wasowa cakudya ndi pobisala. Nkhokwe ikhale pamwamba, mita imodzi kucoka pansi, ndipo mwendo uliwonse uvekedwe lata lopindidwa ngati cipewa coyang'ana pansi, kuti khoswe akakwera alephere kudutsa. Nthambi za mitengo zisagunde denga lace, ndipo makasu, makwerero ndi nkhuni zisatsamire pankhokwe. Udzu ndi zinyalala zozungulira zilambulidwe. Amene mumasunga cimanga cotongola m'masaka, ikani masakawo pa thandala, kutali pang'ono ndi cipupa, kuti mphaka azizungulira. Amene angathe agule nkhokwe ya malata kapena mgolo wotseka bwino. M'menemo dzino la khoswe sililowa, ndipo nankafumbwe amafa ndi kusowa mpweya.

Misampha ya waya ndi madiwa a makolo athu zikali ndi nchito. Cherani m'mbali mwa cipupa mmene khoswe amadutsa, nyambo yace nsinjiro kapena kapenta. Khoswe ndi wocenjera, cinthu cacilendo amayamba wacipewa, conco siyani msampha ndi nyambo masiku awiri kapena atatu usanachere. Mphaka asungidwe ndi kudyetsedwa. Kadzidzi, amene ambiri timamgenda pomuyesa mbalame ya mfiti, amadya makoswe ndi mbewa usiku uliwonse osalipidwa, mlekeni akhale.

Cacikulu nkucitira pamodzi. Banja limodzi likachera lokha, makoswe a kwa mnansi amadzaza malo m'masabata ocepa. Tikupempha anyakwawa, makopaletivu ndi magulu a amai kuti asankhe mwezi umodzi, kukolola kusanayambe, woti mudzi wonse ulambule, ukonze nkhokwe ndi kuchera misampha nthawi imodzi, ndipo alangizi a zaulimi aitanidwe kudzaonetsa kavekedwe ka malata pamiyendo ya nkhokwe. Mtengo wa lata limodzi ndi misampha isanu sufika pa mtengo wa mfuti ndi laisensi yace, ndipo palibe mwana amene adzagonekedwa m'cipatala cifukwa ca lata.