Chitofu cha gasi chooneka ngati moto wa nkhuni: chisamaliro chake chisanu chisanafike

JOHANNESBURG – Mu Juni ndi Julayi, mumzinda wa Johannesburg, umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja, kumazizira usiku mpaka udzu kuyera ndi chisanu. Chiyambire kuzimazima kwa magetsi a kampani ya Eskom mu 2007, komwe kunafika pachimake mu 2023, mabanja ambiri anayamba kudalira gasi potenthetsa nyumba. Chimodzi mwa zipangizo zomwe anthu amakonda ndi chitofu cha gasi chokhala ndi zikuni zongoyerekeza, chimene munthu akachiona patali amayesa moto wa nkhuni.

Zikunizo sizipsa, pakuti zimaumbidwa ndi simenti yopirira moto kapena ulusi wa dongo lowotcha. Chimene chimayaka ndi gasi wotuluka m'timabowo ta chitsulo chobisika pansi pake. Popeza palibe phulusa loola, eninyumba ambiri amaganiza kuti chitofuchi sichifuna chisamaliro, ndipo ntchito yopukuta fumbi amangoisiyira antchito apakhomo, omwe ena mwa iwo ndi ochokera ku Malawi ndi Zimbabwe, popanda kuwapatsa malangizo alionse.

Choopsa chenicheni ndi mpweya wa carbon monoxide. Gasi akamayaka ndi mpweya wokwanira amatulutsa kutentha, nthunzi ya madzi ndi carbon dioxide. Koma timabowo tikatsekeka ndi fumbi, kapena lawi likamawomba pachikuni chimene chaikidwa molakwika, gasi sapsa mokwanira ndipo pamatuluka carbon monoxide, mpweya umene suoneka komanso sununkha. Ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, kotero thupi limabanika pang'onopang'ono. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zomwe m'chigawo chino munthu amafulumira kuzitcha malungo kapena chimfine. Chosiyanitsa n'chakuti anthu angapo a m'nyumba imodzi amadwala nthawi imodzi, ndipo amapezako bwino akatuluka panja. Amene wagona tulo sazindikira kanthu.

Mu 2010 ana awiri apachibale anamwalira ali m'tulo m'chigawo cha Victoria ku Australia chifukwa cha mpweya wochokera m'chotenthetsera cha gasi. Bungwe loona za chitetezo cha magetsi ndi gasi kumeneko, la Energy Safe Victoria, limalangiza kuti chotenthetsera chilichonse cha gasi chiziunikidwa ndi katswiri kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo makampani ambiri opanga zitofuzi amati kamodzi pachaka. Bungweli limachenjezanso za chinthu chimene ambiri sachiganizira: fani yotulutsa nthunzi kukhitchini kapena kubafa ikayatsidwa m'nyumba yotsekedwa bwino, imatha kukoka utsi m'chumuni n'kuubwezera pabalaza.

Ntchito imene munthu wamba angaigwire yekha ndi yochotsa fumbi, ndipo nthawi yake yabwino ndi Epulo kapena Meyi, chitofu chisanayambe kuyatsidwa tsiku ndi tsiku. Choyamba ndi kutseka gasi pavalavu kapena pasilinda, kuzimitsa kalawi kakang'ono koyatsira kotchedwa pilot, n'kudikira kuti chilichonse chizizire. Galasi la kutsogolo limakhalabe lotentha kwa nthawi yaitali moto utazima.

Zikuni zisanachotsedwe, ndi nzeru kuzijambula ndi foni. Chikuni chilichonse chili ndi malo ake amene anakonzedwa kufakitale kuti lawi lizidutsa pakati osati kuwomba pachikunicho, ndipo buku la malangizo limakhala ndi chithunzi chake. Wantchito wachangu amene waziyala mwaluso lake, mmene amayalira nkhuni pamafuwa, amakhala waika banja lonse pangozi asakudziwa. Zikuni za ulusi n'zopepuka ndi zosachedwa kunyenyeka. Zimapukutidwa ndi burashi yofewa ya penti, makamaka panja, popanda madzi, sopo kapena mankhwala opopera. Chikuni chothyoka chimalowedwa m'malo ndi cha mtundu womwewo. Kuchimata ndi guluu, kuwonjezerapo nkhuni zenizeni, kapena kuponyapo mapepala n'koletsedwa.

Chitsulo chotulutsa gasi chimayeretsedwa ndi makina okoka fumbi kapena burashi youma. M'miyezi yotentha pamene chitofu chili chozima, akangaude amakonda kumanga ukonde m'timachubu ndi m'mabowo olowera mpweya, ndipo ubweya wa agalu ndi amphaka umaunjikananso momwemo. Kabowo ka pilot n'kakang'ono kwambiri ndipo kukula kwake kunayezedwa mosamala. Kamafuna kuuziridwa mpweya wopanikizidwa pang'ono basi. Singano kapena waya zimakakulitsa, ndipo kakakula kawonongeka. Pambali pake pali kachitsulo kotchedwa thermocouple kamene kamatseka gasi lawi likazima. Pilot ikamazima munthu akangochotsa chala pabatani, kawirikawiri vuto limakhala kachitsulo kameneka, ndipo kukasintha ndi ntchito ya katswiri.

Galasi limachita chifunga choyera chifukwa cha nthunzi ndi zotsalira za gasi. Limapukutidwa likazizira, ndi nsalu yofewa ndi mankhwala opanda amoniya. Likasiyidwa kwa nthawi yaitali chifungacho chimadyerera ndipo sichichokanso. Galasi losweka, kapena chingwe chomata m'mbali mwake chikatha, chitofu sichiyenera kuyatsidwa.

Zitofuzi zilipo mitundu iwiri. Zina zili ndi chumuni kapena payipi yotulutsira utsi kunja, imene iyenera kuonedwa ngati mbalame sizinamangemo chisa. Zina zilibe chumuni, ndipo zonse zimene zatuluka m'moto zimatsalira m'chipinda. Zoterezi zimakhala ndi kachipangizo kozimitsa gasi okosijeni akatsika kuchoka pa 21 peresenti kufika pafupifupi pa 18 peresenti. Chitofu chotere chikamazima chokha chokha, ndiye kuti mwina pilot yadetsedwa kapena mpweya m'chipinda wachepadi. Kumanga kachipangizoko kuti kasagwire ntchito n'kudziputira imfa. Chimafuna zenera lotsegula pang'ono, ndipo sichiyenera kusiyidwa chikuyaka anthu akamagona.

Zonse zikabwezeredwa, polumikizira payipi pamapakidwa thovu la sopo. Thovulo likamatukusira, gasi akutuluka. Machesi sayeserera gasi. Kenako moto umayatsidwa n'kuuyang'anitsitsa. Malawi achikasu pamwamba si vuto pachitofu cha mtundu uwu, chifukwa anachipanga dala kuti chifanane ndi moto wa nkhuni, koma m'munsi mwake muyenera kuoneka buluu. Mwaye wochuluka pazikuni, pagalasi kapena pakhoma ndi chizindikiro chakuti moto sukuyaka bwino.

Ku South Africa, malamulo a Pressure Equipment Regulations a mu 2009 amalamula kuti zipangizo za gasi zokhazikika m'nyumba ziziikidwa ndi kukonzedwa ndi munthu wolembetsedwa ku SAQCC Gas, yemwe amapereka satifiketi yotsimikiza kuti ntchito yagwiridwa moyenera. Satifiketiyi imafunikanso nyumba ikamagulitsidwa, ndipo a inshuwalansi amatha kuifunsa moto ukabuka. Katswiriyo amayeza mphamvu ya gasi ndi kuchuluka kwa carbon monoxide, zimene burashi singathe. Amatsimikizanso mtundu wa gasi: madera ena a Johannesburg amalandira gasi wachilengedwe wa m'mapayipi, wochokera ku Pande ndi Temane ku Mozambique, pomwe nyumba zambiri zimagwiritsa ntchito gasi wa m'masilinda. Chitofu chokonzedwera mtundu umodzi sichilumikizidwa ku winawo popanda kusintha zida zake.

Gasi wa m'masilinda ndi wolemera kuposa mpweya, kotero akatayika amatsikira pansi n'kudikha. Amamuthira dala mankhwala onunkha kuti anthu azimumva. Fungolo likamveka, silinda imatsekedwa, zitseko ndi mazenera zimatsegulidwa, ndipo palibe woyatsa kapena kuzimitsa switchi ya magetsi. Carbon monoxide alibe fungo lotere. Amene amamumva ndi alamu yapadera ya mabatire, yoikidwa pafupi ndi zipinda zogona, ndipo mabatire ake amasinthidwa tsiku lomwelo limene chitofu chayeretsedwa.