Ngozi ya ku Chikangawa: phunziro kwa eni mabwato a ku Lago

METANGULA — Mwezi wa Juni ndi nyengo ya mwera, pamene asodzi a m'boma la Lago amayamba ayang'ana kumwamba asanakankhire bwato m'madzi. Ndi m'nyengo yomweyi, pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali a ku Malawi idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, kumapiri a tsidya lija la nyanja, kuseri kwa Nkhata Bay. Anthu onse 9 amene adali m'ndegemo adamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, a Saulos Chilima.

Ndegeyo, ya mtundu wa Dornier 228, idanyamuka ku Lilongwe m'mawa kulunjika ku Mzuzu, koma siidafike. Adaisaka usana ndi usiku, ndipo idapezeka tsiku lotsatira, pa 11 Juni.

Pa nkhani za ndege maiko adagwirizana kuti ngozi iliyonse izifufuzidwa, cholinga chake ngozi yotero isadzachitikenso. Ntchito yofufuza ngozi imeneyi adaigwira akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, dziko limene ndegeyo idapangidwa. Lipoti lawo lomaliza lidatuluka mu 2025.

Malinga ndi lipotilo, oyendetsa ndege adapitiriza ulendo ngakhale kunja kudaipa. Ankauluka m'munsi, pakati pa mitambo, mpaka ndegeyo idaomba phiri. Akatswiriwo adapezanso kuti kachipangizo kamene kamaulutsa chizindikiro ndege ikagwa, kuti oipulumutsa adziwe pamene ili, batire yake idatha ntchito mu 2004. Idakhala choncho zaka 20. Komanso m'ndegemo mudalibe makina osunga mawu a oyendetsa.

Ngozi yonga imeneyi nyanja yathu idaiona kale. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, imene idachokera ku Mbamba Bay, idamira pa namondwe kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 adafera pomwepo. Mpaka lero mabwato ndi maboti a injini amatenga anthu, matumba a chimanga ndi usipa pakati pa Metangula, Cobué ndi chilumba cha Likoma, mphepo yake ili yomweyo.

Phunziro loyamba ndi lakuti kubwerera m'mbuyo si mantha. Anthu a m'ndege ya ku Chikangawa ankapita kumaliro a nduna yakale, a Ralph Kasambara. Ulendo wa maliro, wa msika kapena wa kuchipatala umakakamiza woyendetsa kunyamuka ngakhale akuona kuti kunja sikuli bwino. Mwini boti akati tidikire mphepo itsike, okwera asamuumirize.

Lachiwiri, chida chopulumutsira moyo chimafuna kuchiona nthawi ndi nthawi. Jekete yoyandamitsa yong'ambika, tochi yopanda batire kapena foni yopanda moto n'chimodzimodzi kusakhala nazo.

Lachitatu, boti lisanyamuke anthu a padooko asanadziwe chiwerengero cha okwera, kumene likupita ndi nthawi imene lifike. Likachedwa, osaka adziwa koyambira.

Ndipo boti likagubuduzika, mafumu, asodzi ndi eni maboti akhale pansi, afunsane chimene chidalakwika: katundu adachuluka, injini idazima, kapena adanyamuka mwera utayamba kale? Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Ngozi imene mudzi sudaikambirane imabweranso.